Chopanira Matabwa cha Amalume

Ndidali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene mayi anga adandikweza minibasi ndi kajumbo ka zovala, kunditumiza kwa mchimwene wawo ku Chipoka. Bambo adali atamwalira chaka cham'mbuyo mwake, ndipo kamunda ka mpunga komwe adatisiyira ku Lifuwu sikakadatha kudyetsa ana asanu. Ine ndidali woyamba kubadwa, komanso ndidali ndi mbiri ya kudya kwambiri, choncho kusankha woti achoke sikudavute. Pa siteji mayi adandigwira phewa n'kundiuza chinthu chimodzi chokha: "Ukamvere, Tadala. Akakubweza kuno, ine ndilibe choti ndidzakupatse." Mawu amenewa ndidafika nawo ku Chipoka, ndinkagona nawo, ndinkadzuka nawo.

Amalume adali kalipentala. Anthu ankawatcha a Mbewe a zitseko, pofuna kuwasiyanitsa ndi a Mbewe ena ogulitsa usipa. Adali munthu wamtali, wosakonda zoyankhulayankhula, pensulo kukhutu nthawi zonse, moti ngakhale popita kutchalitchi akazi awo ankachita kuwachotsa pensuloyo pakhomo. Sindinganame kuti adali ankhanza. Adandigulira yunifolomu, adandilembetsa sukulu, ndipo m'mbale mwanga simunkasiyana ndi mwa ana awo awiri omwe adali aang'ono kwa ine. Koma nyumba ya eni ndi ya eni basi. Ndinkayenda monyang'ama, ndinkatafuna mosamveka, ndipo ndikaswa kapu ndinkayamba kuganiza za msewu wa ku Lifuwu.

Shedi yawo idali kufupi ndi njanji, ya malata otsika, mbali zitatu zotchinga ndi mabango. Mbali yachinayi idali khoma la kanyumba kometera tsitsi, ndipo magetsi athu ankachokera kumeneko. Pakhomapo padali soketi imodzi yokha. Soketi imeneyi ndiyo inkadyetsa makina okhawo a magetsi omwe amalume adali nawo, rauta.

Kwa amene simuidziwa, rauta ndi makina ogwira m'manja, okula ngati ketulo, okhala ndi zogwirira ziwiri ngati makutu. Kunsi kwake kumatuluka kampeni kachitsulo, akalipentala amati biti, komwe kamazungulira mwaliwiro loti diso silingakaone. Ndiyo imasema m'mphepete mwa thabwa kuti mukhale mobulungira, ndiyo imakumba timizera tokongoletsa pa zitseko ndi pa mabedi. Amalume adaigula kwa munthu wina wobwera kuchokera ku Joni, yogwirapo kale ntchito, yopanda bokosi lake ngakhale kabuku. Idawatchukitsa. Anthu adayamba kuchokera ku Salima boma kudzafuna zitseko zawo, ndipo iwo ankaipukuta ndi kansalu kakekake, kamene munthu wina sakadayerekeza kupukutira manja.

Rauta ija idabwera ndi pulagi ya mano obulungira, yomwe siinkalowa mu soketi za kuno. Amalume sadavutike nazo maganizo. Adadula pulagiyo, n'kusenda mawaya, kuwalowetsa m'mabowo a soketi ndi kuwakhomerera ndi timitengo ta machesi. Swichi ya pa soketipo idali itathyoka kalekale. Kubwezeretsa mawaya aja akazuka idali ntchito yotopetsa, nthawi zina yoluma zala, motero lamulo lidali loti asazulidwe. Rauta inkakhala yolumikizidwa kuyambira m'mawa mpaka poweruka, ndipo chokhacho choiletsa kuzungulira idali swichi yake yapathupi, yokankha ndi chala, yomwe ikayatsidwa inkaonetsa kadontho kofiira.

Chinthu china chomwe amalume adalibe chidali zopanira zing'onozing'ono. Rauta imafuna manja onse awiri, ndiye thabwa limafuna china choligwira kuti lisathawe. Zopanira ziwiri zazitali zomwe adali nazo nthawi zonse zinkakhala zitagwira chitseko chomata ndi guluu. Ndiye chopanira ndidali ine. Ankaika thabwa pa benchi, ine n'kukwera, kugwada pamwamba pake ndi kutsamira ndi manja. Makasitomala ankaseka, amalume n'kumati, "Ndigulirenji chopanira, mlongo wanga atanditumizira chamoyo?" Nanenso ndinkaseka, poti mwana woleredwa amaseka pamene eni nyumba aseka.

Tsiku loyamba adandiuza malamulo a ntchitoyo. Ndikagwada ndisasunthe mpaka iwo atanena. Makina ndisawakhudze, ngakhale ndi chikhadabo. Za kutseka pakamwa sadandiuze tsiku limenelo, ndidaziphunzira pambuyo pake.

Chaka chathunthu ndidakhala maso anga ali pafupi ndi rauta kuposa a mwini wake, ndipo ndidaidziwa monga momwe umadziwira galu wa pakhomo. Amalume sadandiphunzitsepo kanthu, ndinkangoona. Ndidaona kuti sankadya thabwa kamodzi n'kamodzi, ankadutsa katatu kapena kanayi, akutsitsa biti pang'onopang'ono. Ndidaona kuti akaima moyang'ana m'mphepete mwa thabwa ankayenda kuchokera kumanzere kupita kumanja, kuti biti izilimbana ndi thabwa; tsiku lina adayenda chobwerera, makina adawatsomphoka m'manja n'kuthamanga okha, ndipo adatukwana mawu omwe sindidawamvenso pakamwa pawo. Ankayambira kumitu ya thabwa, komwe limakonda kuthetheka, kuti podzasema m'litali zothethekazo zichokere limodzi. Khutu langa lidazolowera kulira kwake: ikabuula ndiye kuti akuikankha kwambiri, ndipo fungo la kupserera likamveka ndiye kuti achedwa pamalo amodzi. Utuchi unkandilowa m'mphuno, m'makutu, m'tsitsi. Ndikatsika pa benchi m'makutu munkalira mpaka madzulo, ndipo mawondo anga adachita zikang'a ngati a mayi wokonda kupemphera.

Chomwe chidandimanga kwenikweni adali magetsi. Ankathima nthawi yomwe afuna n'kuyaka nthawi yomwe afuna, ndipo akayaka amalume sankafuna kutaya mphindi. Chizindikiro chake idali wailesi ya ometa tsitsi aja, yomwe inkangophulika ndi nyimbo. Ana anzanga akamva ankafuula mokondwa kuti ayaka, ayaka. Ine mtima unkangoti zii. Kaya ndili pakati pa fulaye, kaya ndanyamula ndowa, kaya ndavala kale yunifolomu, ndinkasiya zonse n'kuthamangira ku shedi. Sindinkapita kutali, ngakhale kukasamba ndi anzanga, kuopa kuti wailesi ingalire ine ndili kosamva. Mbuzi ya pachingwe idali ndi mtendere kuposa ine, chifukwa iyo imadziwa kutalika kwa chingwe chake.

Tsiku lina tinkasema mutu wa bedi la aphunzitsi ena, eni akewo ataima pomwepo akuyamikira. Ndili chigwadire ndidaona kuti mzera ukunka nuzama. Biti idali isadamangidwe bwino, inkatsika yokha. Ndisadaganize n'komwe pakamwa padatseguka: "Amalume, biti ikutsika." Adathimitsa, adayang'ana, adatenga masipanala awiri n'kumanga. Aphunzitsi aja adaseka n'kunena kuti a Mbewe apeza kapitawo. Atachoka, amalume adavula pensulo kukhutu, n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Pano kalipentala ndi ndani?"

Ndidati ndi iwo.

"Ukafuna kuphunzitsa akuluakulu ntchito pamaso pa anthu, minibasi za ku Lifuwu sizidathe."

Sadandimenye, sadakweze mawu. Koma ndikadakonda kofi kusiyana ndi mawu amenewo. Chomwe chidandisokoneza n'choti ndidali nditanena zoona, bedi lidapulumuka chifukwa cha ine, komabe ndidalakwa. Kuyambira tsiku limenelo ndidadziuza kuti chopanira sichiyankhula.

Kenaka lidafika Loweruka lina m'mwezi wa Okutobala, nthawi yomwe ku Chipoka dzuwa limawotcha ngakhale mthunzi. Kudagwa zovuta kumudzi wina wa kumtunda. Adamwalira mkulu wa mpingo, munthu wodziwika, ndipo ana ake adakana bokosi lokutira nsalu. Adafuna la mbawa, lopaka vanishi, la mzera wozungulira pa chivundikiro ndi mtanda pakati. Ndi kutentha koteroko maliro sakadagonanso, adayenera kuikidwa masana omwewo. Amalume adayamba ntchito m'bandakucha ndi sowo ndi puleni, magetsi kulibe. Cha m'ma teni koloko kudafika abambo anayi ndi ngolo ya ng'ombe, n'kukhala pansi pa mtengo wa bwemba moyang'anana ndi shedi. Sadanene kuti fulumirani. Ankangoyang'ana dzuwa, kenaka n'kuyang'ana ife.

Wailesi italira, bokosi lidali litatha, kutatsala chivundikiro chokha. Kuti mzera uwongoke, rauta imayenera kutsamira kathabwa kowongoka bwino koikidwa pamwamba. Kukhomera kathabwako ndi misomali kukadasiya mabowo pankhope penipeni pa chivundikiro, ndiye wogwira ndidali ine. Ndidakwera, ndidagwada pa chivundikiro cha bokosi la maliro, bondo limodzi litapondereza kathabwa, manja onse awiri atakagwira kutsogolo. Ndidali nditamanga chitenje cha akazi a amalume pamwamba pa diresi, polemekeza anthu a kumaliro aja. Chidali chachikulu kwa ine, ndipo nsonga yake idayalika pa thabwa pambali pa bondo langa lamanzere.

Mbali ziwiri tidamaliza bwinobwino. Tili pakati pa mbali yachitatu, kulira kwa rauta kudatsika n'kufa. Wailesi nayo idati zii pakati pa nyimbo. Amalume adatsonya, adatukula makina mumzera n'kuwagoneka chammbali pa chivundikiro pomwepo, biti italoza kwa ine.

"Usasunthe. Mzera ungathawe."

Adapukuta thukuta n'kutuluka kukalankhula ndi abambo aja.

Ndidayang'ana pansi, ndipo ndidaona kadontho kofiira. Swichi idali yoyatsa. Makina adasiya okha chifukwa magetsi adathima, ndipo m'mutu mwa amalume makina osalira adali makina othimitsidwa. Biti idali patali ndi nsonga ya chitenje changa ngati kutambalala kwa zala ziwiri.

Ndidadziwa bwino lomwe chomwe chikadachitika magetsi akabwera. Izi ndimafuna kuti zimveke, chifukwa anthu akamva nkhaniyi amakonda kundikhululukira ponena kuti ndidali mwana, sindinkadziwa. Ndinkadziwa. Ndidali nditaona kangapo momwe rauta imadzigwedezera poyamba kuzungulira, ngakhale ili m'manja mwa munthu wamphamvu. Ndidali nditaonanso chomwe biti imachita ikakumana ndi mbawa, ndipo mbawa ndi yolimba kuposa ntchafu ya munthu.

Swichi idali pafupi, ndikadatambasula dzanja ndikadaifikira. Koma makina adati ndisawakhudze, komanso kuchotsa dzanja kukadasuntha kathabwa. Ndidayesa kukoka chitenje posuntha chiuno pang'onopang'ono. Kathabwa kadaterereka pang'ono pansi pa bondo, ndidakabwezera pomwe ndinkaganiza kuti kadali, n'kuumanso gwa. Mawaya ndi machesi ake adali kukhoma, masitepe anayi kuchokera pa benchi, ndipo kwa ine kudali kutali ngati ku Lifuwu.

Kudatsala kuitana. Kudzera pakhomo la shedi ndinkawaona amalume atanjuta pamaso pa abambo aja, chipewa chili m'manja, akupepesa za kuchedwa. Ndidayesa kukonza mawu m'mutu. Ndikati, amalume mwasiya makina oyatsa, abambo anayi a kumaliro akadamva mwana wamkazi akudzudzula kalipentala. Aphunzitsi aja adali munthu mmodzi, ndipo nkhani yake idali ya bedi chabe. Ndidaitana ndithu, kamodzi, ndi mawu aang'ono ngati a mwanapiye: "Amalume." Sadatembenuke. Adangokweza dzanja chakumbuyo, kutanthauza kuti dikira. Ndidadikira.

Sindidziwa kuti padapita nthawi yaitali bwanji. Mwina mphindi makumi awiri, mwina zochepa. Malata ankathetheka ndi dzuwa pamwamba panga. Thukuta linkatsika kuchokera m'tsitsi, kusakanikirana ndi utuchi, kulowa m'maso, ndipo ndidalibe dzanja lopukutira. Ntchentche idatera pamlomo ndidangoiuzira. Kamphepo kotentha kankabweretsa fungo la usipa wa pa thandala, ng'ombe za pangolo zinkapukusa mitu, winawake ankakhoma chitsulo kudoko. Mawondo adayamba kupweteka, kenaka adachita dzanzi. Ndidapemphera pemphero lomwe mwana aliyense wa ku Chipoka akadandiseka nalo, loti magetsi asabwere. Ndidaganiza za mayi ataima pa siteji, za kamunda kaja, za azing'ono anga anayi atazungulira mbale imodzi ine n'kufika wachisanu ndi kajumbo kanga. Ndidaika zimenezo mbali imodzi, mwendo wanga mbali ina, ndipo ndidasankha kukhala chete. Ndidachita mantha kwambiri, koma sindidasunthe.

Wailesi ndi rauta zidalira nthawi imodzi.

Zomwe zidatsatira zidachitika mofulumira kuposa momwe ndingazifotokozere. Makina adadumpha, biti idagwira nsonga ya chitenje n'kuikulunga, ndipo pokulungapo idadzikokera yokha kwa ine. Ndidamva ngati wina wandimenya ndi chikuni chamoto pamwamba pa bondo. Ndidagwa chagada kuchoka pa benchi, rauta idagwa nane, waya udakokeka, ndipo machesi aja adalavulidwa mu soketi. Chomwe chidandipweteketsa ndi chomwenso chidandipulumutsa, chifukwa ikadakhala pulagi yolimba makina akadapitiriza kudya. Kudatsala nyimbo ya pawailesi yokha. Ndidayang'ana mwendo wanga, ndidaona zoyera mkati magazi asadayambe kutuluka, ndipo mawu oyamba omwe ndidanena amalume atafika adali akuti, "Pepani, ndasuntha."

Mmodzi wa abambo aja adavula malaya n'kumanga ntchafu yanga. Amalume adandinyamula, munthu woti sadandigwirepo ngakhale dzanja, n'kuthamanga nane mpaka kumsewu komwe adaimitsa njinga ya kabaza. Kuchipatala adandisoka, ndipo anamwino adati ikadalowa pang'ono chammkati bwenzi tikunena zina. Amalume adandisiya ndi akazi awo n'kubwerera ku shedi. Chivundikiro chidali chitakumbika pakati, magazi atalowerera m'thabwa. Adapala zomwe akadatha, koma mapeto ake mkulu wa mpingo uja adapita ndi nsalu yoyera yokutira pamwamba, yomwe ana ake adaikana, ndipo adaikidwa dzuwa litapendeka kwambiri.

Masiku awiri otsatira ndidagona pamphasa pakhonde, mwendo uli pa pilo. Bala linkapweteka, koma silo linkandisowetsa mtendere. Ndinkadikira chigamulo. Ndidali nditaononga chivundikiro, nditachititsa amalume manyazi pamaso pa mudzi wonse, nditang'ambitsa chitenje cha eni. Amalume ankatuluka m'mawa osandiyang'ana, ndipo ine ndidamasulira kuti nkhani yatha. Ndidakwawa kulowa m'nyumba, kupinda zovala zanga n'kuziika m'kajumbo komwe kaja, kuti akadzanena ndisadzawachedwetse.

Tsiku lachitatu m'mawa sadapite ku shedi. Adabwera pakhonde n'kukhala pansi penipeni, pa simenti, miyendo yawo yaitali itasowa kolowera. Adayang'ana bandeji, kenaka adayang'ana kumbali. Adati kulakwa kudali kwawo, adaiwala kuthimitsa, ndipo zaka zonse zomwe agwira ntchito sadachitepo chinthu chopusa chotero. Ndikadangokhala chete, nkhani ikadathera pomwepo. Koma adawonjezera, ngati akudzilankhulira okha, kuti mwana sakadadziwa, poti swichi ndi kanthu kakang'ono.

"Ndidaiona," ndidatero.

Adatembenuka. "Udaona chiyani?"

"Kadontho kofiira. Mutangotuluka."

"Nthawi yonse ija?"

Ndidagwedeza mutu. Adafunsa chifukwa chomwe sindidathimitsire, ndidati mudati ndisakhudze. Adafunsa chifukwa chomwe sindidatsikire, ndidati mudati ndisasunthe. Adafunsa chifukwa chomwe sindidakuwire, ndipo ine ndidayang'ana kukhomo. Maso awo adagwera pa kajumbo komwe kadali pakhomo, adakayang'ana, n'kuzindikira okha. Pamenepo ndipo ndidalira, koyamba chichitikire ngoziyo, n'kuwapempha kuti asandibweze ku Lifuwu.

Kenaka adati, motsitsa, "Ndiye kuti unkaopa ine kuposa mpeni."

Sadadikire yankho. Adadzuka n'kuzungulira kuseri kwa nyumba, ndipo tidawamva akumina kwa nthawi ndithu. Pobwera maso adali ofiira. Adauza akazi awo kuti ndi utuchi, ngakhale tsiku limenelo adali asadakhudze thabwa. Adatola kajumbo kaja, kukhuthulira zovala pamphasa, n'kupita nako. Sindidakaonenso.

Sabata yomweyo adakwera kupita ku Salima boma n'kubwera ndi pulagi ya mano atatu ndi soketi yatsopano. Adatolera mabauti akale ndi zidutswa za mlombwa n'kupanga zopanira zinayi, zoipa maonekedwe koma zogwira ngati ng'ona. Ntchitoyo idawatengera masana amodzi okha. Izi zidandiwawa nditaziganizira, kuti chaka chonse cha mawondo anga chidali chofanana ndi masana amodzi ndi mabauti anayi. Chidandiwawanso china: pa chivundikiro chija padali kale mzera wa pensulo wosonyeza pokhala kathabwa. Ndikadatsika, kukabwezera pamalo pake kukadatenga nthawi yochepa kuposa kumwa kapu ya madzi.

Mayi adabwera kudzandiona patatha sabata ziwiri, atanyamula kathumba ka mpunga. Adayang'ana bala, adagwira pakamwa, ndipo titatsala awiri funso lawo loyamba lidali loti kodi sindidawalakwire amalume. Ndidawakwiyira mayi chifukwa cha funso limenelo kwa zaka zambiri. Lero, poti nanenso ndili ndi ana ndipo ndikudziwa mtengo wa thumba la chimanga, mkwiyo udatha, koma funsolo ndikulikumbukirabe.

Nditachira ndidabwerera ku shedi mwa kufuna kwanga, ndipo amalume adandipatsa udindo watsopano. Magetsi akathima, chinthu choyamba ndidali ine kuzula pulagi. Posintha biti, pulagi inkakhala m'manja mwanga iwo akuiona. Adandiuza pamaso pa ometa tsitsi ndi makasitomala awiri, kuti pakhale mboni, kuti ndikaona cholakwika ndinene, kaya pali mfumu kaya pali abusa. Sikuti adasanduka mngelo ayi. Ndikawadzudzula nkhope inkachita mdima, nthawi zina tsiku lonse osandiyankhula. Koma ankaima n'kuyang'ana, ndipo dzina la Lifuwu silidatulukenso pakamwa pawo ngati chikwapu. Nditakwana zaka khumi ndi zisanu adandipatsa rauta m'manja. Adayamba andimangitsa mpango kumutu, kundivulitsa chitenje n'kundipatsa ovolosi yawo yakale, magalasi a m'maso ndi thonje la m'makutu. Adandiuza kuti makina ndiziyatsa biti isadakhudze thabwa, ndipo ndisawaike pansi mpaka atasiyiratu kuzungulira. Zina zonse ndidali nditaziphunzira kale ndi mawondo.

Amalume adatisiya zaka zingapo zapitazo, ndipo bokosi lawo ndidapanga ndine, mzera wozungulira ndi mtanda pakati. Pano ndili ndi shedi yangayanga ku Salima boma. Chipsera chidakalipo, chachitali ngati chala, ndipo kukazizira chimayabwa.

Kwa nthawi yaitali ndinkaganiza kuti phunziro la tsiku lija lidali la pulagi, ndipo n'zoona, mu shedi mwanga magetsi akathima aliyense amadziwa kothamangira. Koma pulagi ndi yosavuta kuphunzitsa. Achinyamata omwe amabwera kudzaphunzira ntchito kwa ine ambiri ndi ana oleredwa ndi achibale, otumizidwa ndi mawu omwe aja, ukamvere. Ndimawazindikira ndi kayendedwe. Akakhala sabata imodzi ndimawayesa. Ndimathimitsa magetsi a shedi yonse pa bokosi la kuseri iwo osadziwa, n'kusiya rauta pa benchi swichi ili yoyatsa, pulagi ili kukhoma, kenaka n'kuyamba kucheza ndi kasitomala. Pafupifupi onse amaona. Ndimawaona maso akupita pa swichi, kubwera kwa ine, kupita kwa kasitomala, kenaka n'kugwa pansi. Amati wakutsina khutu ndi mnansi, koma palibe amene amauza mwana woleredwa kuti nayenso ali ndi chilolezo chotsina khutu la womudyetsa. Chilolezo chimenecho sangadzipatse yekha. Ayenera kuchilandira kuchokera kwa wamkulu, momveka, pamaso pa anthu, ndipo wamkuluyo azipirira tsiku lomwe chidzagwiritsidwe ntchito pa iye. Ndikaona mwana akundimvera mpaka kuuma gwa, sindinyadira. Ndimadziwa kuti ndamuopseza penapake, ndipo tsiku lina adzaona kadontho kofiira n'kukhala chete.

Chaka chatha kudabwera mtsikana wina wochokera kufupi ndi nkhalango ya Kuti, wamanyazi, woyankhula ngati akupepesa. Nditamuyesa adayang'ana swichi, adayang'ana ine. Kenaka adadutsa pakati pa ine ndi kasitomala osapempha njira, adazula pulagi, n'kunena kuti, "Mayi, mwasiya makina oyatsa." Adaima pomwepo pulagi ili m'manja, akudikira kuti ndimuthamangitse.

Ndidamuuza kuti wachita bwino, ndipo ndidanena mokweza kuti kasitomala amve. Kenaka ndidazungulira kuseri kwa shedi n'kukhalako kanthawi. Pobwera ndidawauza kuti ndi utuchi.